Foni Imene Sinafike ku Limbe

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anamwalira kwathu ku Chia, m'boma la Nkhotakota. Ndinali mnyamata wamkulu ndithu, wopita kunyanja ndi akuluakulu. Kwathu sitiika maliro mwinimbumba palibe, ndipo mwinimbumba anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito ku Limbe. Abambo anandituma kuboma kuti ndikawaimbire foni.

Nambala ya kuntchito kwawo amalume anaizokota ndi msomali pachitseko chathu. Poti sindinkadziwa kuwerenga, ndinaijambula ndi khala pamkono, n'kupalasa njinga ndi dzanja limodzi kuopa kuti thukuta lingaifufute.

Masiku amenewo dera lililonse linali ndi manambala ake otsogolera. Ukawasiya, foni inkangolira m'boma lako lomwelo. Ana a lero sangazimvetse, poti nambala ya foni ya m'thumba siuza munthu kumene mwini wake ali. Amalume sanawalembe manambala otsogolerawo. Ankayesa kuti aliyense amawadziwa.

Mu positi ofesi munkanunkha fumbi ndi guluu. Kumbuyo kwanga kunaima atsikana awiri ovala yunifolomu, akuseka mkono wanga. Ndili mkati mozungulitsa manambala, kalaliki anandifunsa, "Iwe, wayamba ndi nambala ya ku Limbe?"

"Eya," ndinatero, chonsecho sindinamve chimene ankatanthauza.

Munthu anayankha. Mawu sanali a amalume, ndipo chapatali ndinkamva wina akutsatsa chambo monga timatsatsira kwathu kuno. Mtima unandiuza kuti foniyo sinatuluke m'Nkhotakota. Komabe ndinakuwa uthenga wanga, n'kutuluka msangamsanga. Kunyumba ndinati, "Amva, akubwera."

Tinadikira. Inali nyengo yotentha, ndipo azimayi a m'nyumba ya siwa anayamba kuphimba mphuno ndi zitenje. Adzukulu atadandaula, amayi anaikidwa mlongo wawo palibe. Pobwera kumanda anthu ankati tauni yawalowa m'mutu amalume. Ine ndinkamva, koma zoona zake ndinazibisa.

Amalume anafika patapita milungu, atamva kwa munthu wogulitsa nsomba zouma. Amayi aang'ono sanawalandire n'chikwama chomwe.

"Mwadzatani, achimwene? Kapena mwasochera?"

Amalume anakhala pansi pafumbi ndi buluku lawo lakuntchito, n'kuyamba kulira. "Palibe amene anandiuza ine," anatero. Maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo ndinafotokoza mmene zinayendera.

Ndinkayembekeza ndodo, koma sanandimenye. Anangoti, "Mphwanga, ukanangomuuza kalalikiyo kuti sukudziwa, bwenzi nditamuona mlongo wanga nkhope."

Amalumewo anamwalira kalekale, manambala aja anasinthanso kangapo, koma mawu amenewa sanachoke. Pano ndakalamba, ndipo ndimaona kuti umbuli wanga ukanatha kukonzedwa pomwepo ndi munthu amene anali atandifunsa kale. Chimene chinawachotsera ulemu amalume pamaso pa mbumba yawo ndi manyazi anga pamaso pa atsikana awiri amene sindinawaonenso.

M'mawa mwake mwa tsiku limene amalume anafika lija, sindinapite kunyanja. Ndinasamba, ndinabwereka malaya a abambo, n'kupita kusukulu kukakhala pansi m'Sitandade 1 pakati pa tiana tondilekeza m'chiuno.