Kabokosi ka pampu kanabwera, amuna anga anatsala ku Joni

Inu owerenga, amene ndinakankhira amuna anga ku Joni kachiwiri ndine, pomwe iwo anali atanenetsa kuti abwereratu. Ndikuwasowa, ndipo sindikufuna kuti wina adzalire ngati ine.

Kwathu ndi ku Lungwena. Amuna anga, Che Jafali, atatopa ndi maganyu a ku Joni, anabwera ndi masola komanso pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa. Tinaiika kudimba. Zobwereka injini ndi kusakasaka petulo zinatheratu. Dzuwa likangokwera madzi ankayenda okha m'mipaipi, ife tikupalira tomato ndi anyezi, kumacheza ngati tangokwatirana kumene. Masana ankayala mkeka pansi pa mtengo wa mango n'kuswali, ine ndikuwaotchera mondokwa. Moyo wokoma ngati umenewo sindinauonepo.

Tsiku lina kabokosi koyendetsa pampu kanapsa. Wokonza zamagetsi ku Mangochi boma analephera. Mwini sitolo wina ku Limbe anatiuza kuti timabokosi totere timachokera ku China, ndipo anasiya kuitanitsa chifukwa kubanki kulibe ndalama zakunja.

“Amake Asiyatu, tiyeni tibwerere ku makeni,” anatero amuna anga. “Manja tili nawo.”

Ine ndinakana. Ndinkachita manyazi kuti amayi amene ankapikula tomato kwa ine andione nditanyamulanso keni. Ndinati ku Joni kabokosiko kaliko, apite akagule. Ndinawaumiriza, ndinanyanyala, mpaka anagonja. Pokwera basi anangoti, “Inshallah, mvula isanagwe ndibwera.”

Kabokosi kanafikadi, anapatsira a transipota. Iwo anatsalira kuti apeze ndalama yokwerera basi. Kenako anayamba kutsokomola. Poti mapepala awo anali atatha, ankaopa kupita kuchipatala, ndipo pafoni ankangondiuza kuti ndi chimfine. Anzawo anadzandiimbira kuti anamwalira, atawaika kale. Manda awo ndinangowaona pa chithunzi cha pafoni.

Pampu ikugwira ntchito mpaka lero, tomato akubereka kuposa kale. Koma ndikamva njinga ikulowera kudimba ndimadzukabe kuyang'ana, kuyesa ndi iwo. Asiyatu akatsokomola mtima umandithawa. Ndimalakalaka atangobwera, ngakhale chimanjamanja, tizikathirira ndi makeni mpaka misana kuwawa.

Abale anga, sindikunyoza sola, ndi yabwino ndipo yatithandiza ambiri kuno kunyanja. Koma musanagule, funsani kuti ikawonongeka adzakonza ndani, ndipo zipangizo zake zimapezeka kuti. Makina ochokera kutali amafuna ndalama zakutali, zomwe ife kumudzi sitizilamulira. Ndipo inu amayi anzanga, mwamuna akanena kuti watopa ndi kuchilendo, mumvereni. Dimba likauma mudzadzalanso chaka chamawa. Ine ndilibe ngakhale manda oti ndikasese.