Diso lamanzere la Chawezi

Kodi munamvapo zoti dokotala akuchita opaleshoni atakhala pakona, wodwala ali uko? Ine ndinazimva kwa mwana wanga Chawezi, amene akuphunzira udokotala wa matenda a amayi ku Indianapolis. Akuti umalowetsa nkhope m'chimakina n'kumagwedeza zala, loboti n'kumadula ndi kusoka. Musandifunse zambiri, ine ndinalekeza sitandade 5, ntchito yanga n'kusambitsa okalamba kuno ku South Bend.

Chaka chino cha 2016 anawasakaniza ophunzirawo, a matenda a amayi, a impso, a matumbo, onse chipinda chimodzi kuti aziphunzitsana lobotiyo. Chawezi ankaimba foni akuseka. "Amayi, a impso aja kusoka kwake ngati matelala a ku Limbe!"

Amene anatulukira vuto ndi Dixon, mnzake wa gulu la impso. Anaona kuti singano ya Chawezi ikungodutsa pambali. Akuti anati, "Iwe, ukusoka mphepo? Tatseka diso lamanja." Atatseka, lamanzere linangoona chifunga.

Chawezi ankadziwa kuti disolo n'lofooka, koma pa opaleshoni ya manja zala zinkamuuza pamene wafika. Pa loboti sukhudza kanthu. Pamafunika maso onse awiri kuti udziwe chili pafupi ndi chili patali.

Tsono ndinene poyera, wolakwa ndine. Ali ndi zaka zinayi ku Ntcheu, adokotala anati ndizimumata pulasitala diso labwinolo kuti lofookalo lilimbe. Mwana ankalira, anzake ankamuseka. Tsiku lachitatu ndinamatula, ndinati Mulungu achiritsa yekha. Kuchipatala sindinabwerereko.

Ndinamuululira zonsezi pafoni. Kenako anati, "Ndiye zaka zonsezi amayi munali chete?" Zotsatira zake anayankhula m'Chizungu, mwamsangamsanga, sindinamve n'chimodzi chomwe. Madokotala a maso amuuza kuti anachedwa, zimenezi zimakonzeka paubwana.

Mayeso a loboti walephera kawiri. Otsiriza ali mu June. Akalepheranso amuchotsa pagululo, pamene iye mtima wake wonse unali pamenepo. Loweruka lililonse Dixon ndi mtsikana wina wa gulu la matumbo amakhala naye, kumuphunzitsa kuyeza kutalika poyang'ana mthunzi wa singano. Kaya zitheka, Ambuye ndi amene akudziwa. Ine ndasala kudya, ndagwada mpaka maondo kuuma, koma ndikafuna kupempha, mawu amandithera. Ndipemphe bwanji chinthu chimene ndinataya ndi manja anga?

Kudiraiva sinditha, mashifiti sandipatsa mpata, ndipo foni yanga sakuyankha masabata atatu tsopano. Kutchalitchi akuti anasiya kubwera.

Chonde inu a ku Indianapolis, Chawezi amakhala ku Beech Grove, mayi Flora a kwaya akudziwa nyumba yake. Pitani mukamuone. Za ine musakatchule. Mukangoona ngati akudya, mupemphere naye ngati alola.