Galu Woleredwa M'dengu la Tiyi

Chaka chimene amuna anga anadwala sitiroko ndinkathyolabe tiyi pa esiteti, ndipo tinkakhala m'nyumba za kampani, kumalayini. Matendawo anawagwera ali m'munda, mwezi wa Malichi. Ku chipatala cha pa Boma anatulukako amoyo, koma dzanja ndi mwendo wakumanzere zinali zitafooka, ndipo mawu ankatuluka mochedwa. Adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti munthuyu aziyenda tsiku ndi tsiku, ngakhale kuchoka pakhonde kufika pamsewu pokha, apo ayi mwendowo uuma ndipo sadzayendanso.

Iwo anakana. Munthu amene anali katswiri wodula tiyi, amene anzake ankaima kumuonerera akagwira chikwanje, anangosanduka wapampando. Ndodo imene mwana wathu anawatumizira kuchokera ku Limbe anaiponya kunsi kwa bedi. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinaitana akumpingo, koma yankho linali lomwelo: "Ndiyende ndipite kuti? Anthu azikandionerera?" Ine pakamwa panga sipachedwa, moti tsiku lina ndinawauza kuti ngakhale mpandowo watopa nawo. Sanaseke, sanakwiyenso. Ndinachita mantha kwambiri tsiku limenelo, chifukwa ndinaona kuti munthu wataya mtima.

Mu Juni ndinapita ku Thekerani kukaona mchemwali wanga, ndipo ndinapeza galu wake ataswa ana asanu. Kamodzi kanali kofiirira, kamimba tuu, khutu limodzi loimirira lina logwa. Kanandiluma chitenje n'kukana kusiya. Sindinganame kuti ndinakatenga ndi nzeru zakuya. Ndinangotopa ndi nyumba yachete, yoti ukamabwera kuntchito palibe chokuthamangira. Ndinakakulunga m'chitenje n'kukwera nako galimoto.

Nditafika, bambo anakayang'ana kamodzi n'kutembenuza nkhope.

"Wodwala mmodzi sanakukwaneni?" anatero.

Madzulo amenewo kunagwa chiperoni, kamvula kaja kowaza kamene kamalowa mpaka m'mafupa. Kagaluko kankanjenjemera ndi kulira osalekeza. Ndinayang'ana uku ndi uku m'khitchini, ndipo chimene ndinaona ndi dengu langa la kuntchito, lija timabereka kumsana pothyola tiyi. Ndinaligoneka chammbali, n'kuyalamo chiguduli. Kanalowa, kanazungulira kawiri, n'kugona tulo. Ndinadzitama kuti ndine mayi wodziwa kulera.

Zinapitirira choncho. M'mawa ndinkakatulutsa, kukung'untha dengulo n'kupita nalo kumunda. Madzulo ndikangolitula, iko kankathamangira momwemo, m'fungo la masamba ndi thukuta langa. Kali kakang'ono zinali zoseketsa, ndipo amayi oyandikana nawo ankabwera kudzaonerera. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, koma ine mwambi umenewu ndinkaukumbukira pa ana a anthu ena okha.

Pofika mu Seputembala kagalu kaja kanali galu wamiyendo italiitali, wosamva kuitana, wodya chilichonse kuyambira sopo mpaka zingwe za silipasi. Tsiku lina ananditsatira kumunda. Amene sanalowepo m'munda wa tiyi sangadziwe kuti pansi pa zitsamba zija pali njira zake. Pamwamba pamaoneka pamyaa, koma galu akhoza kuyenda kunsi kwake tsiku lonse osaonedwa ndi munthu. Ndinathyola m'mawa wonse osadziwa kanthu. Nthawi yoyeza itakwana tinapita pasikelo, tinatula madengu pamzere, ndipo mwadzidzidzi chinthu chofiirira chinatumphuka m'tiyi n'kudziponya m'dengu langa. Chitaona kuti muli masamba ambiri chinalumphira m'dengu la mnzanga, kenako la winanso. Kwa iye dengu lililonse linali kwawo.

Amayi anaseka mpaka misozi, koma akapitawo athu sanaseke. Anali bambo wachinyamata ndithu, wosakonda phokoso, ndipo anandiitanira pambali.

"Mayi, tiyi ameneyu amapita kunja. Akakapezamo ubweya wa galu, ayankhe ndani? Iyi ndi woningi yomaliza. Ndikamuonanso kuno ndiitana alonda, ndipo mukudziwa zimene amachita ndi agalu oyendayenda."

Ndinkadziwa. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira, galu akudumphadumpha patsogolo panga ngati wapambana mayeso.

Malangizo sanasowe kumalayini. Wina anati ndimudule mchira kuti nzeru zibwerere kumutu. Wina anati ndimuthirire tsabola m'chakudya kuti akhale wolusa, azilondera pakhomo. Ine ndinayamba ndi chingwe cha khonje, ndipo anachitafuna dzuwa lisanakwere. Ndinamutsekera m'khitchini, analira mpaka oyandikana nawo anadandaula. Tsiku lachitatu anathawa, ndinamupeza panjira ya kumunda. Ndinamuitana mokoma, ndipo atabwera akugwedeza mchira ndinamukwapula ndi kamtengo ka bulugamu. Analira n'kukabisala kunsi kwa mpando wa bambo. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira.

Apo ndi pamene bambo analankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamva chiwadwalire.

"Mwamuitana, wabwera, mwamumenya. Nde mawa abwerenso? Galu ameneyu alibe mlandu. Mwamulera m'dengu nokha, kenako m'mawa uliwonse mumanyamula nyumba yake n'kumapita nayo. Inuyo mungakhale?"

Ndinali nditaiwala kuti ali mnyamata kwawo ku Kapichi ankasunga agalu osakira. Anandiuza kuti nditsitse dengu lakale limene linali padenga la khitchini, ndiikemo nsalu yanga yakuntchito yosachapa, ndipo ndiliike pafupi ndi mpando wawo. Dengu langa lenileni ndizilipachika pamsomali, pamwamba, galu asaligonenso.

"Zinazo mundisiyire," anatero.

Kuyambira pamenepo ndinkasiya pakhonde kambale ka mitu ya bonya ndi zidutswa za mbatata. Zimene ankachita masana ndinkazimva kwa oyandikana nawo, zina ndinkaziona Lamlungu. Sankakuwa ayi. Ankangoliza lilime kawiri, galu akabwera n'kumupatsa mutu umodzi wa bonya. Akakhala pansi, winanso. Akalowa m'dengu n'kudikira, mbatata. Akalakwa ankamukalipira m'Chilomwe, chinenero chimene sanandikalipirepo nacho ine m'zaka zonse za banja lathu, ndipo galuyo ankagwetsa makutu onse awiri. Ndinaonanso kuti bonyayo ankamuika m'dzanja lodwala lija, chifukwa lamanja linkagwira khosi la galu. Zala zimene zinkangokhala zopindika zinayamba kutseguka pang'ono, poti galu wanjala sadikira.

Patatha milungu itatu ndinkatha kubereka dengu langa n'kudutsa pamaso pake, iye n'kungonditsatira ndi maso. Tinamubayitsa katemera wa chiwewe. Anasiya kudya sopo. Madzulo bambo ankandifotokozera zimene wachita tsikulo, mwatsatanetsatane, monga ankachitira ana athu ali aang'ono. Ndinasangalala, koma osati kwenikweni, chifukwa zonsezi ankazichita ali pampando. Ndikatchula zoyenda nkhope inkasintha. Mwendo uja unkaonda ndikuona, ndipo ndinayamba kuvomereza mumtima kuti mwina basi ndi mmene zikhalire.

Mvula yoyamba itagwa, tiyi anaphukira mwamphamvu ndipo ntchito inachuluka. M'mawa wina ndikutsitsa dengu langa pamsomali, lamba wake anaduka ndipo pansi pake panang'ambika. Nthawi inali itatha kale, anzanga anali atadutsa. Bambo anali asanadzuke, galu anali kuseri kwa nyumba akusuzumira nkhuku za eni. Ndinayang'ana dengu lakale lija pakhonde. Ndinadziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha, ndipo galuyo tsopano ndi wophunzira. Ndinakhuthula nsalu ija, ndinabereka, n'kuthamanga.

Tsikulo tinali kumunda wakumtunda, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Kwa munthu wabwinobwino si patali, koma njira yake ndi yokwera, ndipo mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera. Ndinathyola mtima uli m'malo. Nthawi yoyeza itafika ndinatula dengu pamzere, ndipo ndisanaongoke n'komwe, mwini nyumba anatulukira m'tiyi n'kulowamo. Ulendo uno sanalumphire madengu a ena. Anakhala pansi bwinobwino pamasamba anga, mmene anamuphunzitsira, n'kumandiyang'ana kudikira mbatata.

Palibe anaseka. Akapitawo anatulutsa foni m'thumba n'kuimba. Ndinamunyamula galuyo, thupi lonse matope, n'kuyamba kuchonderera. Kuchonderera kutakanika ndinayamba kukalipa, ndipo ndinanena mawu ena amene sindingawalembe pano. Mumtima ndinkangoganiza za munthu amene ndinamusiya kunyumba. Chinthu chimodzi chokha chimene chinkamudzutsa m'mawa chinali m'manja mwangamu, ndipo ndinali nditachipereka ndekha chifukwa cha lamba wa dengu. Mlonda anatulukira chakumtunda atanyamula chibonga.

Kenako mnzanga wina anandigwira paphewa n'kuloza kumunsi.

Panjira yofiira ija pankabwera munthu. Ankaponya ndodo patsogolo, kenako mwendo wabwino, kenako n'kukoka winawo. Akayenda pang'ono ankaima. Buluku lake linali matope m'mawondo monse, kusonyeza kuti wagwa kangapo, ndipo kuphazi kunali silipasi imodzi yokha. Paphewa anali atakoleka chingwe. Ndinazindikira malaya ndisanazindikire munthu, chifukwa maso anga anali ataiwala mmene amuna anga amaonekera ataimirira panja.

Ndinafuna kuwathamangira, koma anakweza ndodo kundiletsa. Tonse tinaima chilili, amayi oposa makumi awiri, kalaliki wa sikelo, mlonda ndi chibonga chake, kuwaonerera akumaliza chitundacho. Chinthu chimene ankachiopa miyezi yonseyo chinachitika, anthu anawaonerera ndithu, ndipo iwo sanasamale. Atafika chapafupi anapuma kaye, kenako analiza lilime kawiri. Galu anapulumuka m'manja mwanga n'kukakhala pansi pamapazi awo.

"Akapitawo," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi, "galuyu ngwanga. Sanathawe ayi. Amubera nyumba. Wakuba ndi awo aima apowo."

Amayi anaphulika kuseka, ena akupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Akapitawo anavula chipewa. Ndinamva pambuyo pake kuti atangoyamba ntchito pa esiteti, amene anawaphunzitsa kagwiridwe ka chikwanje anali bambo omwewa.

"Madala, mwayenda wapansi kuchokera kumalayini?"

"Nanga ndauluka?"

Akapitawo anamuuza mlonda kuti abwerere. Anati masamba a m'dengu langa atayidwe, ndipo sindinatsutse. Kenako anati thirakitala yonyamula tiyi ikubwera posachedwa, iwatsitsira bambo kunyumba.

"Ayi," anatero bambo, akumanga chingwe m'khosi mwa galu ndi manja onse awiri. "Ndabwera ndi miyendo yanga, ndibwerera ndi miyendo yanga." Ananditembenukira. "Inu, bweretsani dengu la mwini. Kathyolereni m'thumba."

Ndinawakoleka dengu lopanda kanthulo kumsana, ndipo ndinapempha kuti ndiwaperekeze.

"Bwererani kuntchito, mayi. Tilipo awiri."

Ndinaima pamenepo kuwayang'ana akutsika. Galu uja, amene sankadziwa kuyenda koma kuthamanga kokha, ankapita patsogolo pang'ono n'kuima, kucheuka, kudikira mpaka ndodo ifike. Ndinalira mosabisa, ndipo masana onsewo ndinathyola masamba okalamba osaona n'komwe. Madzulo ndinawapeza atagona pamkeka, mwendo utatupa, akudandaula kuti thupi lonse likuwawa. Ndinawathowa ndi madzi otentha uku ndikuwakalipira kuti akanagwera m'ngalande ndikanawauza chiyani ana. Ulendo uno anandibwezera mawu, ndipo tinakangana bwinobwino ngati kale.

Mwendowo sunachire wonse, mpaka pano amaukoka. Koma m'mawa wotsatira ndikukoleza moto ndinamva ndodo ikugunda pansi m'nyumba. Anaima pakhomo la khitchini, galu ali pambali pawo.

"Mayi, nsapato zanga munaziika kuti?"

Ndinali nditazikulunga m'pepala n'kuziika pansi penipeni pa sutikesi, pamodzi ndi zinthu zimene ndinkaganiza kuti sadzavalanso. Sindinawauze zimenezo. Ndinangoti adikire pang'ono, ndizipukute fumbi.