Tsiku Limene Hudson Anapereka Fanulo

Hudson Nakoma sanaphunzire ntchito yomasulira. Ntchito yake yeniyeni inali yosonkhezera moto m'fakitale ya tiyi pa esiteti ina kuseri kwa Chitakale, ndipo zaka khumi ndi zinayi zokuwa pakati pa makina zinampatsa mawu oti akaitana mwana wake ku komboni, ana a eni ake atatu ankavomera. Sukulu analekezera Sitandade 4. Makolo ake anachokera kutsidya kwa Muloza atanyamula mphasa ndi khasu, motero munda wa makolo analibe, mudzi wobwererako analibe. Chimene anali nacho ndi nyumba ya kampani: zipinda ziwiri, malata, mkazi wake Dainess ndi ana asanu m'katimo. Lamulo la pa esiteti linali lalifupi. Ntchito ikatha nyumba yatha, masiku asanu ndi awiri mukhale mutatuluka.

Mu 1976 manijala anagula kwa Mpwitikizi wina wothawa ku Milanje, kutsidya kwa malire, makina a kanema ndi zitini khumi ndi zitatu za filimu. Inali nkhani imodzi yodulidwa m'magawo, ya mtundu umene azungu kwawo ankaonera mlungu ndi mlungu pa wailesi yakanema, chinthu chimene akuluakulu a dziko lathu anali asanaone chifukwa chotipatsira. Loweruka lililonse masana Jailos makanika ankatchinga mazenera a holo ndi masaka a tiyi, nkuliza jenereta, anthu mazana atatu nkukhala pansi kuonera gawo limodzi.

Vuto linali sipika. Inang'ambika pa ulendo, moti aliyense wa mufilimumo, kaya mfumu kaya hatchi, ankalankhula ngati munthu wovundikiridwa ndowa. Tsiku loyamba anthu atayamba kung'ung'udza, Jailos anapinda lata kukhala fanulo yaikulu yokuzira mawu nkumupatsa Hudson.

"Iwe uli ndi pakhosi. Auze zimene zikuchitikazi."

Sananene kuti amasulire. Koma anthu anayesa kuti akumasulira Chingerezi, ndipo Hudson sanawatsutse. Liwu ndi limodzi lomwe la mufilimuyo sanalimvepo. Ankangoyang'ana nkhope ndi manja, mawu nkumaika ake. Ankadziwa zimenezi ndi anthu atatu: iye, Jailos ndi Dainess.

Mayina anatchanso ndi iye. Mnyamata wa lupanga loyaka moto, watsitsi lofika m'mapewa, anakhala Jonasi chifukwa ankafanana ndi dalaivala wina wa thirakitala. Mfumu yokalamba imene inalanda dziko la bambo ake a Jonasi inakhala Mfumu Ndevu. Panalinso chinjoka cha mapiko, chimene anthu ankafuna kuchitcha Napolo, koma Hudson anakana kwamtuwagalu. Napolo sauluka, ndipo Napolo saoneka waya kumsana, pomwe cha mufilimucho, pa gawo lachisanu ndi chimodzi, wayayo ankachita kuwala.

Apa mpamene panali matenda ake. Hudson sankatha kungofotokoza. Ankaweruza. Gawo lachinayi ankati ndi lowononga nthawi, chifukwa Jonasi anathera mphindi makumi awiri akulira pamanda pomwe adani ali pakhomo. Gawo lachisanu ndi chiwiri, la mayi wopalasa bwato pa mtsinje wa anthu akufa, ankati ndilo lokha lopangidwa ndi munthu woganiza, ndipo ankatha kuima nalo pa msika wa Chonde mpaka wogulitsa usipa kuiwala makasitomala. Jonasi yemweyo sankamukhululukira. "Munthu wapatsidwa mphete yosowetsa munthu, akukaigwiritsa kuba buledi! Mutu uli bwino ameneyu?" Zonsezi zinkatuluka m'fanulo filimu ili m'kati, ndipo anthu ambiri ankabwerera zimenezo.

Tcheyamani wa nthambi ya chipani pa esitetipo anali a Samueli Makhuva. Iwo ankalankhula kanema asanayambe, za umodzi, za kumvera, za makadi a chipani. Mlungu wa khumi ndi chiwiri analankhula motalikitsa, ndipo kumbuyo wina anayambitsa, holo yonse nkulandira: "Jonasi! Jonasi!" A Makhuva anakhala pansi mawu ali m'kamwa. Lolemba kalata inapita ku boma ndi milandu itatu. Woyamba, Hudson anayamikira tsitsi lalitali pa mwamuna, chinthu choletsedwa ndi lamulo. Wachiwiri, ananena kuti nduna za Mfumu Ndevu zimainamiza. Wachitatu, ndipo uwu unalembedwa mzere kunsi, mawu amenewa mufilimumo mulibe, ngake, ndipo akudziwa yekha kumene akuloza.

Mlandu wachitatuwo unali woona kuposa mmene a Makhuva ankaganizira.

Lachitatu manijala anamuitana Hudson ku ofesi. Sanamuuze kuti akhale. Anati Loweruka kubwera munthu wa ku boma wodziwa Chingerezi, adzakhala pafupi naye ndi kumvetsera gawo lomaliza. Mawu akagwirizana, nkhani yatha. Akapanda kugwirizana, kampani sidzamudziwa.

Hudson anapita ku galaja kwa Jailos.

"Achimwene, chitini cha khumi ndi chitatu sichingasowe?"

"Atcheya achitsekera m'kabati ya ku ofesi. Koma ndinasuzumira kumapeto kwake, ndinaunika padzuwa." Jailos anapukuta manja ndi chiguduli nthawi yaitali. "Mfumu ija ikugwa pansanja. Mutu pansi. Anthu akuvina."

Kunyumba anapeza Dainess akumanga mbale m'chitenje.

"Mwayamba kale, amake Stella?"

"Ndiyambe liti? Landirova itafika? Inu abambo ake Stella, zaka zonsezi ndimakuuzani kuti pakamwa panupo palibe mabuleki. Azungu a pakhoma aja adzakupatsani nyumba? Jonasi wanuyo adzabwera ndi lupanga kudzatinyamulira katundu?"

"Jonasi sangathandize munthu. Yemwe uja ndi wopusa kuyambira gawo lachi..."

"Mwaona? Ndi zimenezotu!"

Loweruka kunagwa mvula ya chiperoni, yowaza yosaleka. Landirova inaima pakhomo pa holo, amuna awiri nkutsala m'katimo, ndipo aliyense wolowa ankaiyang'ana mwa m'mbali. Anatsika ndi bambo Moffat Chimbalanga, wa suti yotuwa, kope m'manja. A Makhuva anawalandira ndi mawu a mphindi makumi atatu, holo ili zii. Anati mlendoyu anaphunzira ku Zomba, anaphunzitsidwa ndi azungu enieni, ndipo Chingerezi amachimva ngakhale mzungu akunong'ona kuseri kwa chitseko. A Chimbalanga anagwedeza mutu modzichepetsa. Anawaikira mpando pafupi ndi sipika, Hudson ataima pambali pawo, fanulo ili m'manja.

Jenereta inalira. Pakhoma panaoneka Jonasi atakwera hatchi, akulankhula ndi asilikali ake. Sipika inachita zake za m'ndowa.

"Akuti, anzanga, tiyeni tipite," anatero Hudson.

Anthu anadikira zina. Panalibe zina. Hatchi inapunthwa, ndipo masiku onse apa Hudson akanafunsa kuti kodi m'dziko lonselo munalibe hatchi yokhuta. Lero anangoti, "Hatchi yapunthwa." Ankamva cholembera cha a Chimbalanga chikukanda pepala. Ankaona mutu wawo utapendekera ku sipika, diso limodzi litatsinzina.

Kenaka panabwera Mfumu Ndevu pampando wake, ikuloza chala nduna zitagwada.

"Akuti, tsekani zipata, adani ayandikira."

"Imitsani!"

A Chimbalanga anakweza dzanja. Jailos anazimitsa makina. Mu mdimamo munkamveka mvula yokha pa malata ndi khanda lina likuyamwa.

"Bambo Nakoma, mwati mfumu yati chiyani?"

"Yati atseke zipata, bwana."

"Ayi."

Maganizo a Hudson anathamangira kunyumba. Anaona mbale m'chitenje, anaona ana asanu pa siteji ya basi ku Chitakale. A Makhuva anali atayamba kale kudzuka pampando.

"Mfumu sinanene za zipata," anatero a Chimbalanga, akuyang'ana m'kope mwawo. "Yanena kuti anthu ake alimbikire ntchito m'minda, apalire msanga, ndipo akhale ogwirizana."

Hudson anawayang'ana. Pachithunzi paja mfumu inali italoza chipata, ndipo asilikali anali atathamangira kuchipata komweko. M'magawo khumi ndi awiri onse munalibe munda ndi umodzi womwe, ngakhale khasu. Apo mpamene anazindikira. Munthu wa ku Zombayu nayenso sankamva kanthu. Ankangomva ndowa. Koma atatamandidwa chotero pamaso pa anthu mazana atatu, akananena bwanji kuti sakumva?

Ndipo apa ngozi yeniyeni inafika, yochokera m'kati mwa Hudson mwini. Mfumu Ndevu, imene inadyetsa mphwake kwa chinjoka pa gawo lachitatu, ikambe za kupalira? Adani ali pachipata? Mawu anakwera mpaka pakhosi: bwana, nkhani simwaitsatire, munthu ameneyu sanagwirepo khasu chibadwire. Anatsegula pakamwa. Kumbali ya amayi wina anakhosomola kawiri, chikhosomolo chouma chimene iye ankachidziwa bwino, cha Dainess.

"Zoona, bwana," anatero Hudson. "Ndinaphonya. Za kupalira zija zinandidutsa."

"Muzimvetsera bwino."

"Ndithu, bwana."

A Chimbalanga analemba kanthu. A Makhuva anamwetulira: cholakwa chimodzi chapezeka. Makina anayambanso.

Hudson ankadziwa zimene zinali kutsogolo. Jonasi anathyola chipata. Anakwera makwerero a nsanja, lupanga likuyaka, nduna zikuthawa ngati mbewa. Pamwamba Mfumu Ndevu inkabwerera chafutambuyo, kuyandikira m'mphepete. Patsala mphindi imodzi, mwina iwiri. Chilichonse chimene akananena pamenepo, mawu oti mfumu yokalamba yagwa anthu akuvina akanatuluka m'kamwa mwake, kudzera m'fanulo, landirova ili pakhomo. Kukhala chete nakonso kukanalembedwa m'kope.

Anagwada bondo limodzi, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja monga mwa ulemu, nkupereka fanulo kwa a Chimbalanga.

"Bwana, apa Chingerezi chakula. Ine wa Sitandade 4 ndingalakwitsenso. Tithandizeni inuyo, anthu amve zenizeni."

Ananena mokweza, ndi mawu a m'fakitale aja, moti ndi a kukhomo omwe anamva. A Makhuva, poona kuti mdani wawo wagonja poyera, anaomba m'manja. "Eya! Amve kwa ophunzira!" Holo yonse inaomba nawo. A Chimbalanga anayang'ana fanulo ngati apatsidwa njoka, koma anali ataigwira kale.

Anaimirira. Pakhoma Jonasi anakweza lupanga nkukuwa mawu aatali.

"Mnyamatayu," anatero a Chimbalanga, "akupereka moni kwa akuluakulu."

Mfumu inaponda mphepo. Inagwa mutu pansi, mkanjo ukuuluka, chisoti chikugubuduka pachokha, ndipo opanga filimuyo, posafuna kuti wina aphonye, anaonetsa kugwako kawiri. Pansi makamu anayamba kuvina.

Anthu mazana atatu ankayang'ana munthu wa boma.

"Mfumu," anatero a Chimbalanga. "Mfumu yatsika. Yapita kukapuma pang'ono. Anthu akuvina poithokoza."

Palibe anaseka. Hudson mpaka lero amati chimenecho ndicho chinthu chovuta kwambiri chimene anthu a pa esiteti ija anachitapo limodzi, kuposa kuthyola tiyi wa mu Januwale. Mayi wina anadziluma chitenje. Jailos anawerama kuseri kwa makina ngati akufuna sipanala.

Filimu itatha a Chimbalanga anabweza fanulo osamuyang'ana Hudson kumaso. A Makhuva anawatsatira mpaka ku landirova, akuwakumbutsa za cholakwa cha kupalira chija, kuti chisaiwalike mu lipoti. A Chimbalanga anatembenuka.

"Atcheya, amene waonetsa anthu chithunzi chimenechi ndani? Chitini chinali m'manja mwa yani mlungu wonse?"

A Makhuva anatsala ataima pamvula. Landirova inapita ndi anthu atatu omwe inabwera nawo.

Lipoti linafika kwa manijala patatha milungu iwiri, masamba awiri otayipa, chidindo pansi. Linati womasulira wa pa esiteti ndi munthu wosaphunzira koma wopanda mtima woipa, ndipo zolakwa zake ndi za umbuli chabe. Linati gawo la khumi ndi chitatu silinakambe chilichonse chokhudza mtendere wa dziko. Linalamula kuti zitini zonse zitumizidwe ku boma kuti zikasungidwe, ndi kuti mtsogolo muno pa esiteti pazionetsedwa mafilimu a ulimi ndi ukhondo, opanda womasulira. Za amene anagwira fanulo pa mphindi zomaliza, lipotilo silinatchule.

Manijala anamuwerengera Hudson ndime ya umbuliyo, nkumuuza kuti abwerere ku moto wake. Madzulo ake Dainess anamasula chitenje, mbale nkubwerera pa thandala. Anakhala m'nyumba imeneyo zaka zina khumi ndi zitatu, mpaka Hudson anapuma ntchito, ndipo ana onse asanu anakulira momwemo.

Loweruka lotsatira kunabwera filimu ya kakumbidwe ka chimbudzi. Hudson anakhala kumbuyo pafupi ndi mkazi wake, manja ali pamaondo. Anapirira mphindi khumi. Kenaka anaweramira kukhutu kwa Dainess.

"Dzenje limenelo, mvula ya kuno, silitha mwezi."

"Khalani chete, abambo ake Stella."

Anakhala chete.