Zitsulo za Njinga ya Bambo

Bambo atamwalira, njinga yawo yamoto inatsalira ine. Panalibe amene anachita kulamula. Ndine ndinkawatengerapo ku chipatala miyendo yawo itayamba kutupa, ndipo maliro atatha ndinapitiriza kuikwera, kuperekera anthu katundu m'tauni ya Bulawayo ndi ku Magwegwe. Inkagona kwa amayi ku Makokoba, m'kashedi kuseri kwa nyumba, poti kumene ndinkachita lendi kunalibe mpanda.

Chaka chitatha tinayamba kukonzekera mwambo wovundukula mwala wa pamanda. Achimwene anga, amene amakhala ku Joni, anabwera kudakali nthawi. Pamaliro sanakhalepo chifukwa mapepala awo anali asanalongosoke. Atangofika anapita kukashedi, nayendetsa chala pa paipi ya utsi. Chalacho chinafiira ndi dzimbiri.

"Sisi, njinga ya bambo waisandutsa poto," anatero. "Ikatsogole anthu kumanda ili chonchi?"

Iwo ankafuna kuromu. Anati kuli malo kumene amaviika zitsulo m'madzi a mankhwala, n'kudutsitsamo magetsi, zitsulozo n'kutuluka zitavala khungu lowala ngati galasi. Ankafuna ziviikidwe zonse: mahandulo, madigadi, paipi ya utsi, ndi zivundikiro za injini.

Ine ndinakana. Ndinawauza kuti ndizikwecha ndekha ndi sandipepa, n'kupukuta ndi polishi mpaka ziwale. Chitsulo chopukuta chikazilala umangochipukutanso. Kuromu ikagundidwa ndi timiyala ta m'misewu ya ku Cowdray Park imasupuka, dzimbiri n'kulowa kunsi kwake, ndipo palibe chimene ungachite ndi manja ako.

"Ndiye bwanji sunapukute chaka chonsechi?"

"Ndimagwirira ntchito, achimwene. Si ya pachionetsero."

Tinakangana mpaka amayi anazimitsa wailesi. "Bambo anu sanasiye mawu pa njingayo," anatero. "Musandilowetsemo." Masiku otsatira tinkadya pa tebulo limodzi osayang'anana. Ndikabwera kudzasiya njinga madzulo, ndinkapeza achimwene ataima pakhomo la kashedi, manja m'thumba.

M'mawa wina ndinafika kudzaitenga, ndipo ndinaipeza ili mbulanda. Inali itakhazikidwa pa njerwa, mawaya akulendewera, mabawuti ali m'chitini. Amayi ankasesa pabwalo osadzutsa mutu.

"Achimwene ako anyamula zitsulo m'thumba kusanache bwino. Ndinamva akutchula ku Belmont."

Ndinakwera kombi mpaka m'tauni, kenako ndinayenda pansi kulowera kumafakitale. Ndinkafunsa geti ndi geti. Ena ankandilozera kutsogolo, ena kumene ndachokera. Chimene chinkandithamangitsa sindinawauzepo achimwene. Pa chivundikiro cha kumanzere kwa injini panali kamalo kolowa, kosalala, pamene nsapato ya bambo inkakhudza zaka zonse posintha magiya. Ndikakwera, phazi langa linkagwera pomwepo. Ndinkadziwa kuti asanaike kuromu amayamba apala chitsulo pa makina kuti chifanane ponseponse.

Malowo ndinawazindikira ndi fungo loswa mphuno. Mkati munali matanki aataliatali, ndi mwini malo, bambo wa magolovesi a labala ofika m'zigongono. Achimwene anali chiimire pafupi ndi benchi. Pabenchipo panali zivundikiro zonse ziwiri, zisanakhudzidwe. Mahandulo, madigadi ndi paipi sindinazione.

Ndinapita molunjika n'kuika dzanja pa chivundikiro cha kumanzere. Achimwene anagwira mbali ina.

"Siya," anatero motsitsa mawu.

"Sindisiya."

Tinkalankhula Chichewa kuti mwini malo asamve, koma achimwene akapsa mtima Chichewa chimawathawa, amayamba kusakaniza ndi Chindebele. Anati ndine wamng'ono, anati bambo anali awonso. Ndinawauza kuti mwatenga zinthu ngati wakuba, m'nyumba ya amayi anu omwe. Nkhope yawo inasintha. Sanandimenyepo chibadwire, koma tsiku limenelo ndinayang'ana dzanja lawo lija linali lopanda kanthu, ndipo sindinalichotse diso.

Mwini malo anavula golovesi imodzi nalankhula m'Chindebele. Anati iye sagwira ntchito ya anthu awiri okokana, timuuze mwini njinga ndani. Tonse tinagwirabe chivundikirocho. Anadikira pang'ono, kenako anati zina zija zili kale mu asidi wochotsa dzimbiri, ndipo nthawi yozivuula yakwana, kaya tagwirizana kaya ayi.

Anazikoka ndi ngowe chimodzichimodzi, n'kumazitsuka ndi madzi. Mahandulo anatuluka otuwa, athunthu. Madigadi chimodzimodzi. Paipi ya utsi anaigwira nthawi yaitali, akuitembenuza. Kenako anapita nayo pakhomo n'kuikweza kudzuwa. Kunsi kwake, pamene imapindikira, kuwala kunkadutsa m'timabowo tambirimbiri ngati sefa.

Anati dzimbiri ndi limene linkatseka mabowowo, chitsulo chinali chitadyeka kale. Sichikanalola kuromu, ndipo kuchipala pa makina kukanangoching'amba. Paipi ya njinga yakale ngati imeneyo, anatero, sankadziwa kumene tingaipeze mu Bulawayo.

Popanda paipi sindikanayenda pamsewu, ndipo anthu anga a katundu sakanandidikira. Ndinatembenuka kuti ndiwalalatire achimwene, koma ndinapeza atasiya chivundikiro chija. Anali atatenga paipiyo, akuisisita ndi chala chachikulu pamabowo paja ngati angawatseke.

"Sindinaponye dothi m'manda a bambo," anatero osandiyang'ana. "Ndimafuna pakhale kanthu kamene anthu angaone kuti ndachita ine."

Mkwiyo unali usanathe. Ndinangotembenuza chivundikirocho n'kuwaonetsa kamalo kolowa kaja. Anakayang'ana, nayikapo chala, ndipo ndinaona kuti akazindikira.

Mahandulo ndi madigadi tinazisiya kuti aike kuromu, poti zinali zitavulidwa kale ndipo zikanachita dzimbiri msanga. Zivundikiro ndinazikulunga m'juzi langa. Achimwene ananyamula paipi. M'kombi tinakhala motalikirana.

Wowotcherera wina wa ku Makokoba anadula mbali yodyekayo n'kuikapo chigamba, ife n'kupaka penti yakuda yopirira moto. Zivundikiro ndinazikwecha pakhonde la amayi madzulo aliwonse, kuyambira sandipepa wokhakhala mpaka wosalala, zala zikuchita matuza. Kamalo ka nsapato ndinkakazungulira. Kumafakitale magetsi ankangozimazima, ndipo mahandulo ndi madigadi anatuluka mwambo uli mawa lake. Tinamanga njinga tonse awiri, mawu athu ali a masipanala okhaokha.

M'mawa wa mwambowo anthu a kumpingo anadzaza pabwalo, amayi atakwera kale m'galimoto ya kutsogolo. Achimwene anatuluka atavala suti, naima pambali pa njinga, natambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi. Anthu ankationa. Ndinkadziwa kuti sanakwerepo njinga yamoto chichokereni kwathu, ndipo msewu wa kumanda ndi wa mchenga.

"Khalani kumbuyo," ndinatero.

Dzanja lawo linakhalabe m'malere. Mayi wina amene ankayambitsa nyimbo anaileka pakati. Kenako achimwene anakweza thalauzi pang'ono, nakwera kumbuyo kwanga. Poyamba anagwira chitsulo cha kumpando. Titafika pa mchenga tayala lakumbuyo linaterereka, ndipo anandigwira mapewa mwamphamvu, osasiyanso mpaka pageti la manda.