Tsiku Limene Anasudzula Agogo

"Khala pansi iwe! Kwanu ndi kwa amako, pano ulibe mawu."

Anakuwa choncho ndi bambo aang'ono, chala chili pamphuno panga, anthu onse ali pamikeka. Sikuti anali mng'ono wawo weniweni wa bambo anga. Mayi awo ndi agogo anga aakazi anali a mimba imodzi, ndiye pamudzi paja ku Chikweo iwo ndiwo anali mwinimbumba, woyang'anira alongo awo ndi minda yonse ya banja. Tsikulo tinasonkhana kuti asudzule agogo aamuna. Agogo aakazi anali atagona miyezi isanu ndi umodzi kumanda, ndipo mwambo umati mkazi akamwalira, akuchikazi amamasula mwamuna pamaso pa anthu kuti ukwati watha. Agogo anali pakampando kawo, chipewa pabondo, maso pansi. Zaka zawo palibe ankazidziwa bwino, koma makumi asanu ndi anayi zinali zitakwana.

Ine sindinakhale pansi. Koma ndiyambe ndanena za munthuyo, mwina mumvetsa chimene chinandiimiritsa, ngakhale sichindichotsera mlandu.

Agogo anachoka kwawo ku Balaka, cha ku Utale, ndevu zisanamere. Anawoloka Shire pabwato akugulitsa mipini, n'kumapita kum'mawa mpaka anaona mtsikana pachitsime ku Chikweo. Mipini inatha, iwo osabwerera. Apongozi anawalozera tchire limene aliyense ankalikana chifukwa cha zitsa, ndipo anaswa mphanje okha, nyengo zitatu. Munda umene ine ndinaudziwa unali umenewo: chimanga kumtunda ndi nandolo m'mizere, thonje pakati, chinangwa kumunsi kwa mchenga, mango asanu ndi awiri m'malire. Anzawo ankawaseka kuti mkamwini sadzala mango, udzadyera ndani? Iwo ankati adzadya ana, ana alibe malire.

Thonje ankalipopera okha. Ndikukumbukira msana wawo utasupuka m'mizere iwiri mmene munkadutsa malamba a sipuleya, agogo aakazi akuwapaka mafuta uku akuwakalipira. Chaka cha njala ija anthu ankakumba zitsa za nthochi, makaka a chinangwa chawo ndiwo anadyetsa mudzi wonse. Bambo aang'ono omwewa ankabwera ndi lichero madzulo alionse, ndipo agogo sanawawerengere ngakhale tsiku limodzi.

Tsoka lawo linali limodzi: analibe mwana wamkazi. Anabadwa mmodzi, chikuku chinamutenga asanayambe kuyenda. Akanakhala moyo, munda ukanakhala wake, ndipo bambo ake akanakalambira pakhonde pake popanda wofunsa. Anatsala anyamata atatu, onse anakakwatira kwina monga mwa mwambo. Awiri anamwalira, mmodzi wa iwo bambo anga. Wachitatu anapita ku Joni, ndipo kalata yake yomaliza ndinawawerengera ndine ndili folomu wanu.

Ine ananditenga ndili sitandade 3, amayi atamwalira. Kunena zoona sindinali wawo, ndinali wa kwa amayi, koma kumeneko kunalibe amene anandilimbira. Thonje lawo ndilo linandifikitsa kusekondale. Sanandimenyepo. Ndikabwera kusukulu malaya atang'ambika chifukwa cha ndewu, ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ukadzakula udzachite lendi m'tauni. Chikamwini sungachithe sabata imodzi." Ananena zoona. Mpaka lero ndili pa lendi ku Liwonde, ndimawotcherera zitseko ndi mawindo, ndipo eni nyumba ndasintha asanu.

Tsono tsiku losudzulalo, bambo aang'ono anaika mbale yachitsulo patsogolo pa agogo, muli kandalama kamodzi, chizindikiro cha kumasula. Anakhosomola n'kunena kuti, "Bambo, mayi athu anapita. Ife lero takumasulani. Njira ya kwanu ili apo. Mukafuna kukwatira, kwatirani, sitikuletsani."

Azimayi ena anaseka chapansipansi pomva za kukwatira. Ine sindinamve nthabwalayo. Ndinangomva kuti njira ya kwanu ili apo. Kuchokera ku Utale kunabwera munthu mmodzi yekha, mwana wa mlongo wawo wa agogo, nayenso wa imvi kale. Ndinamuona akusuntha kuti agwade, manja atawakonza kuti awombe. Sindinamudikire.

"Mukuwathamangitsa?" ndinatero nditaimirira. "Munthu anaswa tchire limeneli inu musanabadwe, lero mukumupatsa kandalama ngati waganyu? Munkangodikira kuti agogo atseke maso. Azakhali, mwana wanu uja tamuona akuyeza munda ndi mapazi maliro asanathe. Masiku ano kuli malamulo. Mawa ndipita ku Boma ku Machinga, tikaone ngati mungakanene zimenezi pamaso pa majisitireti. Afisi inu."

Ndi pamene bambo aang'ono anakuwa mawu aja. Ndipo ine, bambo wa ana anayi, ndinaimenya theche mbale ija. Inakagunda mtondo, kandalama n'kugubuduka mpaka m'fumbi pafupi ndi khola.

Agogo anadzuka. Kudzuka kwawo kunkatenga nthawi, dzanja limodzi pandodo, lina pabondo, ndipo palibe anawathandiza chifukwa tonse tinangouma. Anayenda mpaka pamtondo, anatola mbale, anaipukuta ndi chipewa chawo, n'kukaiika pamapazi a bambo aang'ono. Kenako anakafunafuna kandalama m'fumbi ndi nsonga ya ndodo. Atakapeza anakaika m'thumba la malaya.

"Pepani, eni mudzi," anatero. "Mwanayu ndinalera ndine, mwano wake ndi wanga. Ndamva. Ndinyamuka mawa."

"Iyayi bambo, si zimenezo," anatero bambo aang'ono. Koma ananena kamodzi, motsitsa mawu, akuyang'ana alongo awo. Alongo awo anali kuyang'ana zikhadabo. Palibe anabwereza. Anthu anayamba kupinda mikeka.

Bambo a ku Utale aja anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana iwe, sukulu yakupweteka. Sunaonepo kusudzula?"

"Sindinaonepo kuba kwa masana."

"Mawu amene aja amanenedwa paliponse. Ndi mawu a mwambo basi. Iwo akati njira ili apo, ine ndimagwada n'kuti tamva, koma nkhalambayi ipita kuti, tisungireni. Iwo n'kuti asachoke, atiyang'anire mudzi. Tinagwirizana kale dzulo. Nyumba ndi mbali ya chinangwa zimakhala zawo mpaka imfa. Unangofunika kutseka pakamwa mphindi ziwiri."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati, "Munthu wamkulu ngati iwe ndikuuze kuti pabwalo la eni sayankhula mdzukulu wa kuchimuna?" Kenako anakhala pansi atatsamira nkhokwe. Anati iwonso ali pachikamwini, sangatengere malume awo kwa mkazi. Ku Utale kwatsala zidzukulu za mlongo wawo, atsikana amene agogowa anangowaona kawiri, pamaliro.

Sindikufuna kuwayeretsa a ku Chikweo. Munda ankaufuna, zimenezo sindinaname. Mudzi unali utadzaza, atsikana anayi okwatiwa akulima timinda tosakwana kudya mpaka Disembala, ndipo apo pali nkhalamba imodzi ndi munda wonse uja. Akanawasunga, inde, chifukwa cha manyazi. Ine ndinawachotsera manyaziwo.

Dzuwa litapendeka ndinakawapeza agogo kumunda. Anali m'chinangwa, akuzula udzu ndi manja ngati palibe chachitika.

"Agogo, ndikapepesa. Ndigula mbuzi, ndikagwada pamaso pa onse."

"Ukapepese, n'zabwino. Koma ine ndanena kale."

"Mawu amabwezedwa."

"Amabwezedwa ndi mawu a ana." Anakutumula dothi kumizu ya udzu. "Ukudziwa chimene chinandikhazika pano zaka zonsezi? Ukuganiza ndi kulima? Olima analipo ambiri, anapita. Ine sindinayankhepo mwini mudzi ngakhale tsiku limodzi. Ananditukwanapo, anandisunthirapo malire, mbuzi zawo zinandidyerapo nandolo. Ndinkangoti zikomo. Lero ndayankha, pakamwa pake ndi pako. Ndikakhala, aliyense wondipatsa moni azidzakumbukira mbale ija. Phala limene azidzandipatsa lidzakhala la mkamwini amene anawatcha afisi."

"Ndiye tiyeni kwanga ku Liwonde."

"Ndizikalima chiyani, simenti?" Anaseka pang'ono. "Chipinda chimodzi, ana anayi, ndi iwe ukukalipira aliyense. Iyayi. Wosudzulidwa amapita kwawo."

Ndinafuna kuti andikalipire. Akanandimenya ndi ndodo ija, mwina lero ndikanagona bwino. Koma anangondiuza kuti ndiwagwirire dzanja powoloka mzere, n'kuyamba kundifotokozera kuti chinangwa chakumunsi n'chowawa, nditsimikize kuti azakhali adziwa, ana angadye chosaviika.

Ndinapitadi kwa bambo aang'ono kusanade. Ndinagwada pakhonde, ndinapepesa mmene ndinathera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Tamva. Ife sitinathamangitse munthu. Anena okha, anthu amva." Sanadzuke kupita kunyumba kwa agogo, ndipo inali pafupi, mayadi makumi awiri.

Ku Utale agogo anakhala miyezi isanu ndi itatu. Atsikana aja sanali oipa. Anawasesera kakhitchini kakale, ankawapatsa chakudya, koma ankawatchula kuti agogo a ku Machinga, ngati mlendo. Munda kunalibe wowapatsa. Anayesa kulima timizere tinayi kuseri kwa bafa, mbuzi zinadya. Ndinkapita mwezi ndi mwezi ndi shuga ndi sopo, n'kumawapeza ali pakhonde manja ali pamiyendo, munthu amene sindinamuonepo atakhala pansi dzuwa lili pamutu. Sanadwale kwenikweni. Anangoyamba kusiya chakudya m'mbale, ndipo nyengo yozizira itafika anamwalira. Anaikidwa kutali ndi mkazi amene anakhala naye zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Ku Chikweo kunachokera anthu awiri, anabwerera tsiku lomwelo. Ndinamva kuti munda anaugawa panayi ndipo mango anawadula kuwotchera njerwa. Sindinapiteko kukaona. Mtima wanga sunasinthe, ndimapsabe msanga. Mkazi wanga amati zimene zija zikanandiphunzitsa, koma ine sindikuona chimene ndingagule ndi phunzirolo.

M'mawa wa tsiku lotsatira msonkhano uja ndinabwereka njinga. Katundu wa agogo anakwana m'thumba limodzi la feteleza: bulangete, malaya awiri, jekete la kutchalitchi, kapu. Zina zonse anati n'za pamudzi. Ndinapinda chitenje pakaliyala, ndinawakweza, thumba n'kulimangirira pahandulo. Kupalasa sindikanatha chifukwa manja awo analibe mphamvu yogwira, ndiye ndinkakankha, dzanja limodzi lili kumsana kwawo. Azimayi anali pazitseko. Ena anati muyende bwino, agogo n'kumavula chipewa pa nyumba iliyonse. Bambo aang'ono anali atalawirira kudimba.

Tinafika pamsewu dzuwa litakwera. Tinadikira nthawi yaitali. Minibasi ya ku Liwonde itaima, ndinawanyamula m'manja kuwakweza, kondakitala n'kufunsa ngati madalawa akupita kuchipatala. Ndinati iyayi, ku Balaka. Njinga ndinaisiya pagolosale kuti mwini wake adzaitenge, ndinakankhira thumba pansi pa mpando, n'kukhala pambali pawo.