Mbedza ya mano atatu ndi ng'ombe ya apongozi

Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga. Ndinachoka ku Chipata ndi pulayala, masipanala ndi pampu, n'kumanga kashedi kanga pafupi ndi msika wa pa Lundazi, ndipo mkazi ndinakamupeza ku Mphamba. Koma mukafunsa ondidziwa adzakuuzani kuti njinga ndimangodyerapo, mtima wanga uli pa kuwedza. Sindikana.

Mnzanga wina woyendetsa minibasi anandibweretsera ndodo yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe, pamodzi ndi tisipuni tinayi. Tisipuni timeneti si tomwera phala ayi. Ndi tizitsulo tonyezimira timene ukatikoka m'madzi timagwedezeka ngati kansomba, mlamba n'kumeza popanda nyongolotsi. Kumchira kwa kalikonse kunali mbedza ya mano atatu. Loweruka lililonse ndinkapalasa kupita kwa apongozi, kupereka moni nditanjuta chapatali, kenaka ulendo wa kudamu laling'ono limene lili kumunsi kwa khola lawo.

Apongozi anga aamuna ndi munthu wa ng'ombe. Nsomba sadya, makolo awonso sankadya, amati ndi mbale wake wa njoka. Zaka zonse zimene ndinakhala ndi mwana wawo, anali asanandipatsepo chinthu m'manja. Akafuna kundibwereka nkhwangwa ankaiika pansi, ine n'kutola, ndipo mawu olemera ankadzera kwa mkazi wanga. Ndi ulemu wa kwawo umenewo, koma ine ndinkadziwa kuti pamwamba pa ulemuwo amandiona ngati bambo wamkulu wosewera ndi zidole.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, madzi atayamba kuphwa, kasipuni kanga kanakola mu udzu wa m'damu. Mano atatu aja akagwira udzu sataya. Ndinakoka, chingwe chinaduka, ndinatukwana pang'ono n'kumangirira kena. Za kotayika kaja sindinaganizenso. Madzi anapitiriza kuphwa, udzu uja unatsala pamtunda, ndipo patapita masabata awiri ng'ombe yawo yofiira yapagoli, imene amaidalira polima, inadya udzuwo pamodzi ndi chitsulo changa.

Apongozi ananditumira uthenga kushedi kuti ndibwere ndi pulayala, ndipo ndinapita ndi mkazi wanga. Ndinaipeza ng'ombeyo ataigoneka pansi, miyendo yomanga, mlomo utatupa, dovu lili chuchuchu. Inali itatha masiku awiri osadya, mvula ili pafupi. Ndinagwada n'kuyamba ntchito, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaidziwa bwino mbedza imeneyi. Ukazula dzino limodzi, lachiwiri likulowa. Ukatembenuza kuti uchotse lachiwiri, lachitatu lakugwira chala. Mapeto ake ndinadula mano onse ndi pulayala n'kumatulutsa limodzilimodzi, magazi a ng'ombe ndi anga atasakanikirana. Apongozi anaima potero, manja kumbuyo.

Mawu anabwera ndi mkazi wanga tili panjira yobwerera.

"Adada bakamba ati ng'ombe zao sizingamwe pamodzi na visulo vanu. Ku damu kuja musakapondeko futi."

"Nanga ngati nasintha mbeza?"

"Imwe, muganiza nkhani ni mbeza? Nkhani ni imwe. Munasiya chinthu m'madzi, simunauze munthu."

Zinandipweteka kwambiri, makamaka chifukwa ankanena zoona. Masiku awiri ndinkangokalipira matayala a anthu. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo damu lija ndinkalifuna, pamodzi ndi nkhope yanga pamudzi paja.

Ndinachotsa mbedza za mano atatu pa tisipuni titatu totsala n'kukaziponya m'chimbudzi. Pamsika ndinagula mbedza wamba za dzino limodzi. Nditakoleka yoyamba pa kamphete ka kumchira, ndinayesa m'beseni limene ndimafufuzira pobooka pa machubu, ndipo ndinaona kuti mbedzayo ikugona cham'mbali, mmene imakolera udzu mosavuta. Ndinawonjezera kamphete kachiwiri, mbedza inatembenuka, nsonga inaloza kumwamba. Kenaka ndinafinya ndi pulayala kamnga kobwerera m'mbuyo kaja, kamene kamaletsa mbedza kutuluka ikalowa m'mnofu. Chomaliza ndi chimene ndimanyadira mpaka lero, chifukwa palibe anandiphunzitsa. Ndinasomola kawaya kamodzi m'kebulo yakale ya mabuleki, ndinakamangirira kukhosi kwa mbedza n'kukapinda kuti kafike pansonga. Udzu ukakhudza umatsetsereka pakawayako, koma nsomba ikaluma, kawayako kamabonyera pansi, nsonga n'kugwira.

Ndinakayesera kudamu la paboma. Nsomba zinayi zoyamba zinandipulumuka ndikuziona, ndipo anzanga owedza ndi nyongolotsi anaseka mpaka misozi.

"Ba makanika, mbeza yanu mwaigulula mano monga nkhalamba. Manje izadya bwanji?"

Ndinawasiya aseke. Ndinazindikira kuti mbedza yopanda kamnga siifuna munthu waulesi: chingwe chikangolefuka pang'ono, nsomba yapita. Ndinaphunzira kusunga ndodo m'mwamba ndi kukulunga osapuma. Mwezi usanathe ndinkavuula milamba pakati pa udzu pamene anzanga aja ankaopa kuponyapo, ndipo sindinatayenso kasipuni ngakhale kamodzi.

Ng'ombe ija inapola, inalima, inangotsala ndi chipsera pamlomo. Ine ndinadikira mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe, pakuti munthu wa ng'ombe sumufunsa kanthu goli lisanapachikidwe. Mkazi wanga anapita kukapempha bambo ake kuti andimvere, ndipo anavomera.

Anali atakhala pampando pafupi ndi khola, akusoka chingwe cha chikopa.

"Monire, adada," ndinatero nditanjuta.

"Yewo, mkweni."

Ndinaika kasipuni pansi pakati pathu, katamangiriridwa ku chingwe chachifupi. Mawu amene ndinakonza njira yonse sindinawanene, chifukwa iwo anangotola n'kuimirira. Anapita pa udzu wowirira wa kuseri kwa khola, anakaponya, anakoka. Kanatuluka kopanda ngakhale tsamba. Anaponyanso kachiwiri, kachitatu. Atabwerera pampando anatenga chikopa chija, anabonyeza kawaya ndi chala, analowetsa mbedza mpaka pakhosi, kenaka anaibweza m'mbuyo. Inatuluka ngati singano. Anayang'ana kabowo kotsala pachikopa kwa nthawi yaitali.

"Mano ena aja mwapeleka kuti?"

"Nataya mu chimbuzi, adada."

"Na aka kawaya, mwagula ku Chipata?"

"Iyayi, adada. Ni ka mabuleki a njinga. Napanga nekha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chikatayika m'madzi, mubwele munene tsiku lomwelo. Ng'ombe nizapatutsa."

"Yewo, adada."

Ndinayang'ana pansi kudikira kuti aike kasipuni kaja ndikatole, monga mwa masiku onse. Sikanafike pansi. Nditakweza maso ndinaona dzanja lawo lili m'malere, litandilunjika, kachitsulo kakunyezimira pachikhatho. Mkazi wanga, amene anali pakhonde, anasiya kupeta.

"Pokani, mkweni. Ni nchito ya manja anu."

Ndinalandira ndi manja awiri.